Mavu Osaning'a Pamimba

Kanduku, Mwanza
28 Ogasiti 2006

Mwana wanga Stafford,

Ndikhulupirira uli bwino ku Natal komweko. Ine ndili bwino, kupatula bondo lakumanzere limene limandikumbutsa m'mawa uliwonse kuti ndili ndi zaka 71.

Kabati yafika. A Malcolm anaitsitsa pa lole yawo paboma Lachinayi, ndipo kuchokera pamenepo yabwera pa ngolo. Poilowetsa m'nyumba anainyamula amuna anayi. Mmodzi mwa iwo anali atsibweni ako a Yakobe, amene atapuma anati, "Achemwali, mwana wanuyu amakhoma kabati kapena mlatho?" Ndaiyeza. Msinkhu ndi masentimita 152, mulifupi 90, misomali yooneka ilipo 64, umodzi ndi wopindika. Matabwa ndi okhuthala kuposa mmene kabati imafunira, koma zitseko za sefa zikutsekeka bwino. Sindinkadziwa kuti manja ako anaphunzira zimenezi. Zikomo. Aka ndi kanthu koyamba kopangidwa ndi iwe kulowa m'nyumba muno pa zaka 11 ndi miyezi itatu.

Ndaiika kuchipinda chamkati, kuja simenti sinafikeko. Ndasanjamo makope anga onse 34 amene ndimalembamo mvula ndi zochitika, kuyambira la 1973, pamodzi ndi atilasi imene ndinkaphunzitsira.

Ndili ndi funso. M'matabwa atatu ndaona timizere tokhotakhota, ngati tinjira, todzaza ndi utuchi wolimba moti ndi chikhadabo suchoka. Si nankafumbwe, chifukwa pansi sipakugwa ufa. Si bemberezi, chifukwa iye amasiya khomo lotseguka. Iwe amene umakhalira m'mitengo ya paini tsiku ndi tsiku, ndiuze chimene chinayenda m'menemo.

Mitengo ya paini ija munadzala kuphiri ndi malemu bambo ako mu 1989 ilipo 146 mwa 200. Yathinana kwambiri, ina ikuonda. Ine sindidula ngakhale umodzi, chifukwa si yanga.

Ubwera liti?

Ine mayi ako,
Eleanor

*

Howick, Natal
17 Seputembala 2006

Amayi,

Moni wambiri. Ndasangalala kuti kabati yafika yathunthu. Muwauze atsibweni kuti mlatho umenewo udzawaika m'manda usanagwedere mwendo.

Za timizereto musadandaule. Matabwawo ndinacheka ndekha ku zipika zimene kuntchito anazikana. Zinali mulu pambali pa msewu, afomani anati aliyense wofuna nkhuni atole. Zimene zinayendamo zinatuluka kalekale.

Msomali wopindikawo ndinauona, ndinadziwa kuti muupeza.

Zobwera tidzakambirana. Mukudziwa mmene mapepala anga alili. Kutuluka n'kosavuta, kulowanso ndiye nkhani.

Ndine mwana wanu,
Stafford

*

Kanduku, Mwanza
16 Okutobala 2006

Stafford mwananga,

Moni. Kalata yako inafika pa 2 mwezi uno, ndipo pa 3 kabati inakutsutsa. Zimene unati zinatuluka kalekale zayamba kutuluka tsopano.

Ndinkasoka pakhomo la chipinda masana pamene ndinamva kulira pa galasi la zenera. Ndinapeza kachilombo kamene sindinakaonepo, ine amene ndaphunzitsa za chilengedwe zaka 33. Nditayang'ana kabati ndinapeza bowo pamwendo wakumbuyo, lozungulira bwinobwino ngati loboola kalipentala. Kuyambira tsiku limenelo zenera silitsegulidwa ndipo pansi pa chitseko ndimatsekapo ndi chiguduli. Lero mabowo alipo 19, tizilombo 19. Kalikonse kali ndi nambala yake m'kope.

Ndikufotokozere bwino, mwina uwazindikira. Poyamba ndinati ndi mavu. Mapiko ndi anayi, oonekera mkati, achikasu pang'ono ngati tiyi wosapsa. Miyendo isanu ndi umodzi. Tinyanga tiwiri takuda, ndipo ndi galasi langa lokuzira zinthu ndawerenga timfundo 20, pena 21. Koma chiuno palibe. Thupi ndi lofanana kuyambira paphewa mpaka kumapeto, ngati kachidutswa ka pensulo. Akuluakulu amati mavu anapangana kuning'a pamimba. Awa tsiku la panganolo anali kwina.

Ndikuona ngati ndi mitundu iwiri. Ochuluka, 17, ali ndi mimba yofiirira ngati khungu la nachesi lakupsa, koma kumayambiriro ndi kumapeto kwa mimbayo n'kwakuda, ndipo miyendo yakumbuyo ndi yakuda, yonenepa. Awiri okha ndi akuda thupi lonse, kuda konyezimira ngati inki ya buluu ikaumira pa nibu, miyendo yawo ndiyo yofiirira. Onse ali ndi kaminga kafupi kumatako. Koma akudawo ali ndi chinanso pansi pa kamingako, chachitali, chowongoka ngati singano yosokera. Wamng'ono kwambiri ndi mamilimita 12, wamkulu 33. Kusiyana kotereku pa tizilombo totuluka m'thabwa limodzi kwandidabwitsa.

Singano ija inandiopsa, ndiye ndinayesa. Ndinagwira kakuda kamodzi m'dzanja mphindi zitatu. Kanalimbana, koma sikanandilume. Ndawaikira madzi a shuga, kachidutswa ka papaya, ngakhale ntchentche yakufa. Sadya. Wokhalitsa anakhala masiku 11 m'botolo, kenaka anafa.

A Yakobe anabwera, anasuzumira m'botolo, nabwerera chambuyo mpaka anagunda mtondo. Anati, "Achemwali, anthu amaweta nkhunda. Inu mwayamba ziti?" Ndinawapatsa galasi kuti aone timfundo. Anakana.

Kunena zoona, mwezi uno wandikomera kuposa yonse chipumire ntchito. M'mawa ndimadzuka ndi chidwi chofuna kuona amene wabwera. Ndiuze dzina lawo, kwawo ndi kuti, ndipo singano ija ndi ya ntchito yanji ngati saluma nayo.

Ine mayi ako,
Eleanor

*

1 Novembala 2006

Amayi,

Ndikulemba nditaimirira, a Malcolm aliza kale injini. Kalata yanu ndaiwerenga dzulo. Tenthani kabati ija tsiku lomwe mulandire pepala lino. Yonse, osasiya ndi kathabwa komwe. Tizilomboto muphe tonse. Musaitulutse panja isanafike nthawi yoyatsa moto. Ndinalakwitsa kwambiri. Ndifotokoza bwino m'kalata ina.

Stafford

*

Kanduku, Mwanza
7 Novembala 2006

Stafford,

Kapepala kako kafika dzulo. Kali ndi mawu olamula anayi, chifukwa ndi chimodzi chomwe palibe. Moninso palibe. Ndinakuphunzitsa ndekha kalembedwe ka kalata mu Sitandade 5.

Kabati sindinatenthe. Zaka 11 ndadikira kanthu kochokera kwa iwe, ndiye ndiyatse moto chifukwa cha mizere isanu ndi umodzi? Ukuti unalakwitsa. Ndifunse mosabisa: matabwawo unaba? Ngati unaba, moto sufafaniza kuba. Upite kwa afomani ukanene, ine ndibweza kabatiyo pa lole imene inabwerera.

A Malcolm ali ndi pakamwa. Pofika madzulo, pa golosale ya a Kinsley onse anali atamva kuti mwana wa aphunzitsi akuti katundu wake atenthedwe. Ena akuti unakhwimira ntchito ndipo tizilomboto ndi zizimba zako. Mayi wina amene ndinamuphunzitsa kuwerenga anandifunsa kuchitsime ngati n'zoona kuti timalankhula. Ndinamuyankha kuti ndatimvetsera masabata asanu, sitinanene kanthu, koma tikadzayamba ndidzamuitana kuti adzalembe. Zimenezo sizikundivuta.

Chikundivuta ndi mawu ako akuti ndisaitulutse panja, chifukwa ndinaitulutsa kale. Loweruka pa 28 Okutobala linali tsiku lozira. Pansi pa chipinda chija panali patang'ambika, ndipo ukudziwa kuti sitizira katundu ali momwemo. Ndinachotsa makope, a Yakobe ndi anzawo anainyamula n'kuiimika pabwalo, kumbali yoyang'ana kuphiri. Inakhala pamenepo kuyambira 7 koloko mpaka 3 koloko, kudikira kuti mtsiro uume. Ine ndinali chogwada m'kati, manja ali matope.

Itabwerera ndinawerenga mabowo monga mwa masiku onse. Ndinapeza latsopano pathabwa la pansi, pamene pamakhala makope. Ndi lalikulu, mamilimita 7. Mwini wake sindinamuone. Ndasesa, ndakutumula nsalu zonse, ndayang'ana m'nsapato. Kuyambira pa 2 mwezi uno sikunatulukenso china. Choncho mabowo alipo 31, tizilombo m'mabotolo 30, ofiirira mimba 26, akuda anayi. Chiwerengero chosakwanira chimandisowetsa mtendere ngati mwala m'nsapato.

Tsopano khala pansi, utenge pepala lalikulu, undiyankhe mafunso anga atatu aja. Ukatero ndiona ngati machesi akufunika.

Ine mayi ako,
Eleanor

*

Howick, Natal
14 Novembala 2006

Amayi anga okondedwa,

Moni, ndipo pepani chifukwa cha kapepala kaja. Sindinabe. Ndikanakonda ndikanaba, chifukwa ikanakhala nkhani ya ine ndekha.

Mwafotokoza bwino kuposa chithunzi chimene chili pakhoma la ofesi yathu. Amenewo ndi mavu oboola paini, azungu amawatchula kuti Sirex. Si mitundu iwiri, ndi banja limodzi. Ofiirira mimbawo ndi amuna, akudawo ndi akazi. Singano ija ndi yoikira mazira. Wamkazi amatera pa mtengo wamoyo, makamaka wofooka, wothinana ndi inzake, n'kuboola khungwa mpaka m'kati. Amaikamo dzira, pamodzi ndi madzi ena oipa ndi chuku chimene amayenda nacho m'mimba. Madziwo ndi chukucho zimaumitsa mtengo, mphutsi n'kumadya chukucho ikuyenda m'kati pafupifupi chaka. Timizere munationa tija ndi njira zake. Akakula amaboola bowo n'kutuluka, ndipo sadyanso. Ntchito yawo imangokhala kukwatirana ndi kuikira.

Mwafunsa kwawo. Mayi wina wa ku yunivesite amene amabwera kudzatiphunzitsa anati kwawo ndi ku Ulaya, mbali ina ya Asia ndi kumpoto kwa Afirika. Kumeneko sachita zoopsa, chifukwa adani awo ali pomwepo. Koma anakwera sitima ali m'matabwa. Anayambira ku New Zealand, kenaka Australia, kenaka maiko a ku South America. Ku Kepi anawaona koyamba mu 1994, chaka cha chisankho chathu chija. Kuno ku Natal afika zaka zinayi zapitazo. Amayi, ndayenda m'minda ya paini imene mwa mitengo itatu iliyonse umodzi ndi wofiira, wouma chiimirire. Ndinamufunsa mayi uja ngati anafika ku Malawi. Anati sanamvepo. Sindinamuuze chifukwa chimene ndimafunsira.

Zipika zija anazikana chifukwa cha matenda omwewa. Ndinkadziwa. Ndinaona mabowo akale ndipo ndinaganiza kuti onse anatuluka. Ndinkafuna matabwa okhuthala kuti kabati yanu isadzathe msanga.

Tsopano za kamodzi kosowako. Ngati ndi kamuna, palibe vuto, kanafa kokha. Ngati ndi kakazi kosakumana ndi mwamuna, kamabereka amuna okhaokha, mtundu n'kuthera pomwepo. Koma ngati ndi kakazi ndipo kanakumana ndi mwamuna, kakhoza kuikira mazira mazana. Bowo la mamilimita 7 likundiopsa, chifukwa aakulu kwambiri amakonda kukhala akazi. Ndipo kuchokera pabwalo kufika ku mitengo ya ababa ndi mtunda woti munthu akaitana amamveka.

Muziyang'ana pa thunthu. Mtengo wobayidwa umalira timadontho ta utomoni, tina totsetsereka ngati misozi. Kenaka masamba amawerama, n'kuyamba chikasu. Koma paini amatulutsa utomoni pa zifukwa zambiri, ndipo pamafunika diso lozolowera.

Chonde, Amayi, tenthani.

Ndine mwana wanu wolakwa,
Stafford

*

Kanduku
26 Novembala 2006

Muphwa wanga Stafford,

Moni kwa iwe bwana wa ku Joni. Ife kuno tadzala, mvula yabwera bwino, mbuzi zikuswa. Ine sindine wa makalata ngati amayi ako, ndiye ndingolunjika.

Amayi ako atiwerengera kalata yako pakhonde, kawiri, ndi mapu pamwendo. Ndamva. Anzako amatumiza njinga, ena wailesi. Iwe watitumizira mliri wa ku Ulaya, ndipo ndaunyamula ndekha pamsana kulowa nawo m'nyumba, n'kutulukanso nawo. Msana mpaka lero ukuwawa.

Nkhani ndi iyi. Mbuzi ikadwala timaipha isanafe, kuti nyama idyeke. Ndalankhula ndi ocheka matabwa a kwa Nthache, ndipo akuti akhoza kuyamba pa 27 Disembala. Tigwetsa yonse ikadali yabwino, matabwa tisanja, zako zidzakudikira. Amayi ako akukana, akuti mitengo ndi yako, anatero bambo ako. Ine sindinamve nawo. Chimene ndikudziwa n'chakuti dothi limene yamerapo ndi la amayi athu, ndipo woyang'anira mbumba imeneyi ndine.

Mlongo wangayu tsopano amakwera phiri kawiri pa tsiku ndi bondo lotupa, choko m'thumba. Dzana anagwa, sakuuza. Ndinamupeza atakhala pansi, akulemba. Ndinati, "Mukulemba chiyani?" Anati, "Nthawi imene ndagwera." Ine sindidikira kuti ndikamutole kuphiri ali gwa chifukwa cha mitengo ya munthu amene ngakhale pamanda a bambo ake sanapondepo.

Ngati mitengoyo ndi yako, bwera udzaiyankhire. Ukapanda kubwera, macheka adzayankha.

Atsibweni ako,
Yakobe

*

Kanduku, Mwanza
27 Novembala 2006

Stafford mwananga,

Moni. Kalata ija ndiyo kalata. Ukanayamba ndi imeneyo, kabati ikanapsa masiku 19 m'mbuyomo.

Ndatentha dzana. Ndinayamba ndaiwaza ndi nkhwangwa m'chipinda momwemo, zenera lili chitsekere, kuti ndione za m'kati. Ndinapeza mphutsi zitatu, zoyera ngati mkaka, iliyonse ili ndi kaminga kakuda kumatako ngati makolo ake. Njira ina ndinaitsatira ndi ulusi, inakwana masentimita 21. Kenaka ndinanyamula zidutswazo m'thumba lomanga pakamwa, n'kukaziyatsa kudzala. Zinayaka mphindi 50. Misomali ndinaitola m'phulusa, yonse 64 ndi ina 12 imene inali yobisika. Wopindika uja ndausunga padera. Sindinalire, koma tsiku limenelo sindinalembe mvula.

Mabotolo ndapita nawo kuboma kwa a zankhalango. Anawalandira, analemba dzina langa, ndipo anati ndiwadziwitse chilichonse chimene ndione pa mitengo.

Ulendo wa alendo athu ndaulondola m'atilasi ndi pensulo. Ndadabwa kuti kanthu kokhala ndi moyo masiku 11 kayenda dziko lonse kuposa munthu aliyense amene ndimamudziwa. Ndayezanso ndi lula. Kuchokera ku Kepi kufika kumene uliko ndi makilomita pafupifupi 1,200, ndipo anayenda zaka zisanu ndi zitatu. Kuchokera kumene uliko kufika pakhomo pano n'kotalikirapo, koma anayenda masiku asanu. Iwe zaka 11 sunathe ulendo umenewo.

Mitengo ndailemba manambala ndi choko. Mwa 146, 23 ili ndi utomoni penapake. Pa 14 ndikuona chifukwa chake, nthambi yothyoka kapena chikwanje cha otola nkhuni. Isanu ndi inayi sindikudziwa. Nambala 88 ili ndi timadontho 17 kumbali ya kumadzulo, ndipo ndikaiyang'ana nthawi yaitali masamba ake amaoneka ngati akuwerama. Mwina ndi maso anga. Ndikudziwa kuwerenga, mwananga, koma sindikudziwa chimene ndikuwerenga.

Atsibweni ako akulemberanso, ndaona akubwereka envelopu. Zimene alembe za bondo langa uchotseko theka. Za macheka usachotseko kanthu, akunenetsa. Ndipo ndilibe chowayankha, chifukwa 31 kuchotsa 30 sikutsala ziro.

Ine mayi ako,
Eleanor

*

Howick, Natal
4 Disembala 2006

Amayi,

Moni. Makalata onse awiri ndalandira. Ndawawerenga mpaka mapepala afewa.

Ndagula tikiti ya basi. Ndinyamuka pa 18, ndifika paboma pa 20 ngati pa malire sipachedwa. Afomani akuti ntchito sangandisungire kupitirira Januwale, ndipo mapepala anga akadali mmene analili, choncho mwina sindidzalowanso. Ndaganiza zimenezo ndipo ndikubwerabe. Ndikutenga nkhwangwa yanga yaing'ono ndi galasi. Mtengo wobayidwa ndimaudziwa ndili patali. Ngati ilipo, tidula yokhayo n'kuitentha, osati yonse.

Muwauze atsibweni kuti macheka adikire. Mawu awo a pamanda aja ndawamva. Sanalakwitse.

Musakwerenso phiri mpaka ndifike. Ndikudziwa kuti mukwera.

Stafford

*

Kanduku, Mwanza
20 Disembala 2006, 6 koloko m'mawa

Stafford mwananga,

Takulandira. Kalata ino ilibe sitampa. Uipeza patebulo, pansi pa kapu, pambali pa kabokosi ka machesi. Madzi osamba ali kuseri, mbatata zili mumphika. Ine ndili kuphiri. Ndafuna kuti uwerenge ndisanaone nkhope yako.

Tsegula kabokosiko. Ameneyo ndi nambala 31. Ndi wamkazi, mamilimita 34, wamkulu kuposa onse. Panja sanatulukepo.

Zinayenda motere. Kalata yako yonena za tikiti inafika Lolemba pa 11. Lachiwiri ndinaganiza zowasonyeza atsibweni ako mawu a bambo ako okhudza mitengo, poti ankati sanamve nawo. Ndinkadziwa kuti ndinawalemba m'kope la 2001. Kope limenelo sindinalitsegulepo chithere chaka chimenecho, chaka cha maliro a bambo ako. Nthawi zonse limakhala pansi pa onse, ndipo ndikamasuntha makope ndimanyamula mulu wonse pamodzi osayang'ana pansi pake. Nditalitembenuza ndinaona bowo pachikuto. Mlendo wathu anatuluka m'thabwa n'kupeza kope pamutu pake. Anaganiza kuti mtengo ukupitirira. Anaboola chikuto ndi masamba 41, kuyambira Disembala kubwerera m'mbuyo mpaka Julayi, mphamvu n'kumuthera. Tsiku lozira lija anali kale m'menemo, pampando pamene ndinaika makope, pamene ine ndinkamufuna m'nsapato. Ine amene ndinayang'ana paliponse, malo amodzi okha ndi amene ndinkawazemba.

Mawu a bambo ako anawaphonya ndi masamba awiri. Ali pa 9 Julayi, masiku anayi asanatisiye. Ndikukukoperera mmene ndinalembera: "Mitengo ya kuphiri asadule wina aliyense. Mwini wake adzabwera, adzasankha yekha yogwetsa kuti inayo ikule."

Choncho mabowo 31, tizilombo 31. Chiwerengero chakwana kuyambira pa 12 Disembala. Tsiku lomwelo ndinatumiza uthenga kwa a zankhalango.

Iwe sindinakuuze. Foni ya pa golosale ya a Kinsley ili pa mtunda wa mphindi 25 kuchokera pano, ngakhale ndi bondo ili, ndipo nambala ya ku ofesi kwanu ndili nayo. Panali masiku asanu ndi limodzi usananyamuke. Pa 13 ndinavala nsapato, ndinafika mpaka pa mlatho wa mitengo, ndinaima, ndinabwerera. Pa 15 ndinafika pakhonde la golosale penipeni. A Kinsley anati, "Tikuthandizeni chiyani, aphunzitsi?" Ndinagula mchere.

Ndikudziwa chimene ulendo uno ungakutayitse, unandilembera momveka. Ndinaika ntchito yako mbali ina, mbali inayo ndinaika zaka zanga 71 ndi manda amene sunawaone, ndipo ndinasankha ndekha popanda kukufunsa. Moyo wanga wonse sindinalembepo nambala yabodza, ndipo ngakhale pano sindinalembe. Koma ndinasunga yoona masiku asanu ndi atatu, ndipo ndikudziwa kuti kusiyana kwake n'kochepa. Ngati wakwiya, uli ndi chifukwa. Basi yobwerera imanyamuka Lachisanu. Udzakhala usanachedwe ku ntchito, ndipo sindidzakugwira malaya.

Atsibweni ako akudziwa zonse. Ndinawasonyeza kopelo pa 13 nditabwerera pa mlatho. Anawerenga mawu a bambo ako pang'onopang'ono, chala chili pa mzere, kenaka anapempha galasi lija n'kumuyang'ana mlendoyo nthawi yaitali. Anati, "Ndiye kanafera m'sukulu." Ocheka matabwa anawabweza tsiku lomwelo. Nditawafunsa za foni anati, "Achemwali, ine foni imandipweteka khutu." Chibadwire ine ndi iwo sitinagwirizanepo kanthu mwachangu chotero. Ndi iwo amene akutsegulire chitseko, ndipo akakuuza kuti sakudziwa kanthu, ukudziwa tsopano.

Mtengo nambala 88 ukadali ndi timadontho take, tsopano 19, ndipo chifukwa chake sindikuchidziwabe. Ndikufuna kudziwa. Mitengo yathinana, ndipo malinga ndi kalata yako, yothinana ndi imene alendo oterewa amaifuna akadzafika okha tsiku lina. Pakufunika munthu wosankha yogwetsa. Choko ndatenga.

Njira ndi yomwe ija, kudutsa kumanda. A bambo ako ndi achitatu kuchokera pa mtengo wa mthethe, pali mwala wopaka laimu. Usafulumire pamenepo. Ine ndidikira pa mtengo nambala 1.

Ine mayi ako,
Eleanor